Pafa ya Apongozi Anga

Ana anga, ine ndinalembedwa ntchito ya umesenjala ndipo ndinapuma ndili mesenjala. Sindichita nazo manyazi. Koma mukadzafika ku Lundazi n'kufunsa pamsika kuti Mbewe mesenjala ankakhala kuti, anthu adzangoyang'anizana. Funsani za Mbewe wa nsomba, ngakhale wogulitsa makala adzakulozerani nyumba. Mwakhala mukundifunsa kuti dzina limeneli linamugwera bwanji munthu amene sanagwirepo mbedza. Popeza tsopano nthawi ndili nayo yambiri kuposa mano, ndati ndilembe.

1990: Njinga yakuda

Za ubwana wanga ku Katete ndizilumpha, mulibe china koma kukumba mbewa ndi kukwapulidwa. Ntchito yanga yoyamba ya yunifolomu ndinaipeza mu 1990 pa boma la Lundazi, mu ofesi ya anthu okumba zitsime m'midzi. Anandipatsa njinga yakuda, chipewa chondikulira, ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa ofesi, kokhala ndi magetsi ake. Bwana wanga woyamba anali a Tembo, munthu wabwino amene ankakhulupirira kuti vuto ukalisiya patebulo nthawi yokwanira limatha lokha. Ine ndinkasesa, kuwiritsa tiyi, ndi kupalasa njinga kupita kulikonse kumene galimoto ya ofesi inalibe mafuta ofikirako, ndiye kuti kulikonse.

Pa ulendo wina wotere, m'mudzi wina wa kwa Kapichila, ndi pomwe ndinaona mayi anu, NyaZimba, akutunga pachitsime chatsopano. Ndinapempha madzi akumwa ndilibe ludzu, ndipo chitsime chimenecho ndinachiyendera kambirimbiri mpaka a Tembo anayamba kuda nkhawa kuti mwina chinakumbidwa molakwika. Chovuta chinali atate awo, agogo anu a Zimba. Anali mlimi wa fodya ndi mtedza, wamtali, wosataya mawu. Mwana wawo ankamufunira mlimi mnzawo wa ngolo ndi ng'ombe, osati Mchewa wobwera amene chuma chake chonse chinali njinga, nayonso ya eni ake. Akuluakulu a banja anawanyengerera, ukwati unachitika m'tchalitchi chaka chotsatira, koma kuvomera kwa pakamwa ndi kwina, kwa mumtima ndi kwina. Dzina langa sanalitchulepo. Akafuna kundinena ankati "wa njinga yula", ndiye kuti wa njinga uja. Akabwera ku boma kudzagulitsa mtedza ankadya chinangwa chootcha pansi pa mtengo kumsika, osaponda pakhomo pathu. Kwawo kwa mayi anu, bambo amene sanasambe m'manja m'nyumba ya mwana wake wamkazi ndiye kuti ukwatiwo sanauone. Mayi anu sankadandaula pakamwa, koma akamva kuti atate awo ali kumsika ankasesa pabwalo n'kusesanso, maso ali kumsewu. Zinkandipweteka kwambiri. Ndinkalakalaka chinthu chimodzi chokha, kuti mkulu ameneyu adzadye m'nyumba mwanga.

1993: A Chanda ndi ndowa yawo

A Tembo atapuma ntchito kunabwera a Chanda kuchokera ku Lusaka. Mipando ndi bedi zinali kumbuyo kwa lole zikumwa fumbi, koma iwo anatsika kutsogolo atakumbatira ndowa yovundikira ngati mwana wakhanda. Akazi awo anali atakana kubwera, ati kuno n'kutchire. Ndinawathandiza kulowetsa m'nyumba bokosi lalikulu la galasi, tinathiramo mchenga, miyala ndi madzi, kenaka anamasula thumba n'kuyamba kuyeza mchere ndi kapu. Ndinasuzumira m'ndowa muja. Munali tinsomba titatu tonenepa ngati mazira a nkhuku, msana wobiriwira wa mawanga akuda, mimba yoyera mbee, ndi maso otuluka oyenda lililonse palokha.

"Bwana," ndinatero, "mchele timathila mumphika. Apa muononga chabe. Na nsombazo sizingakwane olo mwana."

"Ba Mbewe, izi si ndiwo," anatero a Chanda. "Kwao ni kutali, kwamene mitsinje ikumana na nyanja ya mchele. M'madzi ya pachitsime yeka sizingakhalitse."

"Nanga dzina lake?"

"Pafa."

Ndinavula chipewa. "Pepani bwana, sininamve uthenga. Pafa ndani?"

A Chanda anaseka mpaka anakhala pa thumba la mchere. Atapuma anandifotokozera kuti limenelo ndi dzina la chizungu lonena za kufufuma, chifukwa nsomba imeneyi ikaopsezedwa imameza madzi n'kutupa ngati mpira. "Koma simunalakwe maningi," anatero akupukuta misozi. "M'thupi mwake muli poizoni wosamva moto. Munthu akadya, zoona pafa munthu. Ichi musakaiwale."

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka mbusa. Bwana ankakhala m'midzi masiku ambiri, choncho ziweto zawo zinali m'manja mwanga. Ndinaphunzira kuti pafa ili ndi mano anayi ogwirana ngati kapulayala, ndipo amakula osaleka. Ikapanda kuswa zinthu zolimba, manowo amatseka pakamwa n'kufa ndi njala chakudya chili pamphuno. Mankhwala ake ndi tinkhono ta m'madzi. Ndiye taganizani bambo wa ana, yunifolomu yosita, atapinda buluku mpaka m'mawondo, akufufuza m'matope a kudambo. Amayi ochapa ankandifunsa mwachifundo ngati kuofesi kwathu zinthu zafika poipa chotero. Ndinkangoti zikomo, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhonozo ndinkayamba ndazisunga m'ndowa ya madzi oyera kuti zitulutse zonyansa, kenaka n'kumaponya imodziimodzi, ndipo kuphwanya kwake kunkamveka mpaka pakhomo. Loweruka ndinkachotsa gawo la madzi n'kuthiramo ena amene ndinawasakaniza ndi mchere dzulo lake. Ndinaphunziranso kuti nsomba zimenezi n'zabodza. Zikangoona munthu zimathamangira pagalasi n'kumavina ngati sizinadye chibadwire, ndipo ukazimvera chisoni zimadya mpaka kudwala. Chimene sichinama ndi mimba. Ikayera, zonse zili bwino. Ikada, pita ukaone madzi.

Yaikulu pa zitatuzo tinaitcha Kapitawo, chifukwa sinkagwira ntchito ina koma kuthamangitsa zinzake ndi kuziluma zipsepse. Ndinaunjika miyala pakati pa bokosi kuti zazing'onozo zizipeza pobisala, koma Kapitawo ankazilondola komweko. Ndivomere kuti ndinkamukonda. Ankandizindikira ndikangolowa, ndipo pa anthu onse a udindo amene ndagwira nawo ntchito, ndiye yekha amene ankakondwa poona mesenjala.

1994: Kusowa

Chaka chimenechi chinali cha kusowa. Magetsi ankathima nthawi iliyonse imene afuna, ndipo akathima kapampu kopemerera mpweya m'madzi kankangoti zii. Nsomba zikayamba kukwera pamwamba n'kumayasamula, ndinkamasula pampu ya njinga, kulumikiza kapaipi, n'kumapopa madzi mpaka magetsi atabwera kapena mkono utafa. Tsiku lina kalaliki wa ofesi yoyandikana nafe anandipeza ndikupopa, thukuta lili kamukamu. Anaima nthawi ndithu, kenaka anafunsa motsitsa mawu ngati bokosilo laphwa. M'nyengo yozizira kachitsulo kotenthetsera madzi kanapsa, ndipo kena kanali ku Lusaka. Ndinkayandamitsa mabotolo a madzi otentha n'kufunditsa bokosi bulangete, bulangete la ofesi limene ine mwini sindinaloledwe kufunda.

Chakumapeto kwa chaka a Chanda anatumizidwa kukaphunzira kunja. Nyumba yawo inaperekedwa kwa wogwirizira udindo, bambo wa ana ambiri a manja osakhazikika, ndipo bwana anaona kuti ziweto zawo sizingathe sabata. Tinanyamula bokosi anthu anayi n'kukaliika m'chipinda changa chochezera, mmene linatenga malo a tebulo. Iwe Tiyezge unali utangoyamba kuyenda, ndipo tinakuphunzitsa mawu akuti "osagwira" usanadziwe kutchula dzina lako.

"Ba Mbewe," anatero a Chanda pokwera minibasi ya ku Chipata, "mudziwa kuti maofesi yachepetsa anthu masiku yano. Nikabwela nizapeze zitatu. Tamvana?"

Tinamvana bwino lomwe. Amene sanamvane ndi nsombazo anali mayi anu. Panali nthawi imene mchere unasowa m'magolosale, ife tikudya ndiwo zozizira, thumba la mchere wa nsomba lili pakona likutiyang'ana. "A Mbewe," ankatero, "m'nyumba muno okwatiwa ni ine kapena ni Kapitawo? Uyu afunda bulangete, adya nyama, asamba na mchele. Ine nadya nkhwani wosakolela." Ndinkawauza kuti mcherewo ndi wowawa, suyenera mumphika, ndipo zinali zoona. Ananditsimikizira okha tsiku lina, osanena kuti adziwa bwanji. Anansi nawo ankabwera kudzaona, ena n'kumanong'ona kuti munthu wosunga nsomba zosadya m'nyumba n'kumazidyetsa nkhono ali ndi kumene akupita. Pofuna mtendere tinayamba kuphimba bokosi ndi chitenje.

1995: Chaka cha chitopa

M'mwezi wa Okutobala chitopa chinasesa nkhuku pa boma ponse. Zathu zinatha zonse, ngakhale tambala wodzutsa anthu analibe wotsala. Ndiye tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, tcheni cha njinga ya a Zimba chinaduka akuchokera kumsika, ndipo pa malo onse a m'dziko la Zambia chinasankha kudukira pamaso pa ofesi yathu. Mayi anu anawaona. Anathamanga, anagwada pakati pa msewu anthu akuona, napereka moni wa kwawo, "Monire adada," kenaka ananyamula njinga ija n'kulowa nayo kumpanda osayembekeza yankho. Mkuluyo analibe kothawira. Anatsata njinga yake, nalowa m'nyumba mwanga koyamba.

Pano ndifotokoze mwambo, poti inu a m'tauni nkhuku mumaidziwa ili m'pulasitiki. Mlendo wolemekezeka akafika, mwini nyumba amagwira nkhuku, amagwada, amaionetsa ili yamoyo atagwira ndi manja awiri, n'kunena modzichepetsa kuti tili ndi kankhuku chabe pano. Mlendo akawomba m'manja kuthokoza, nkhukuyo ndi yake. Akafuna iphikidwe, akafuna anyamule yamoyo. Kuonetsa mlendo ndiwo kenaka n'kumupatsa masamba ndi chipongwe choposa kutukwana. Mwambo wina ndi wakuti mkamwini sayang'ana apongozi kumaso ndipo salankhula nawo molunjika. Mawu ake amadzera mwa munthu wina.

Mayi anu anawakhazika pampando wathu wabwino, anawapatsa madzi, n'kundinong'oneza pakhomo. "Asungeni asachoke. Nikafune nkhuku olo kumalile kwa Malawi." Anabereka mwana n'kuthamanga. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko, maso ali pa zala za kumapazi. M'nyumba monse munkangomveka kapampu kakuti bwibwibwi kunsi kwa chitenje. Ndinaona kuti mkuluyo akuyang'ana komweko, kenaka anayamba kusisita chipewa chawo pabondo monga munthu amene watsala pang'ono kutsanzika. Pofuna choti chiwachedwetse ndinayenda chogwada mpaka pabokosi, ndinachotsa chitenje ndi manja awiri, ndipo ndikuyang'ana khoma ndinati, "Tili na tunsomba chabe pano."

A Zimba anaweramira kutsogolo. Kapitawo anafika pagalasi n'kuyamba kuvina kwake kuja. Mkuluyo anapala ndi chikhadabo mchere woyera umene unkauma m'mphepete mwa bokosi, analawa, nagwedeza mutu movomereza. Kenaka anaika chipewa pansi n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono. "Yewo," anatero. "Yewo chomene." Kanali koyamba kundithokoza chikwatirire mwana wawo, ndipo ndinakondwa kwambiri moti sindinamve zimene pakamwa panga panali patanena.

Mayi anu analowa chimanjamanja, fumbi mpaka m'mawondo. Agogo anu ankalankhula Chitumbuka, koma ndilemba m'chinenero chathu kuti nonse mumve. "Usavutike na nkhuku, mwana wanga," anatero. "Ndiwo naziona kale. Somba zamoyo, na mchele anathila kale. Uniphikile iyo yonenepa."

Mayi anu anandiyang'ana. Ndinakhala nawo zaka zambiri pambuyo pake, koma kuyang'ana kotero sindinakuonenso. Anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Mwachita chani, a Mbewe?"

"Naonetsa chabe."

"Mogwada?"

"Mogwada."

"Na manja yawili?"

Ndinavomera ndi mutu. Anakhala pa mtondo atagwira m'mutu. Tinaganiza zokagula nsomba kumsika n'kunamizira, koma mkuluyo anali atawerenga mawanga a Kapitawo, ndipo bokosi linali pamphuno pawo. Ndinati akawauze zoona, kuti nsombayo ndi ya bwana ndiponso imapha. "Ine nikakambe kuti mwamuna wanga waonetsa atate anga poizoni?" anatero. "Nkhani izafika ku Kapichila ise tikalibe kugona. Nikangoti siidyeka, azati mwaumila. Azatenga chipewa, sazabwelanso." Apa misozi inatuluka. "Zaka zonse izi nalindila tsiku ili."

M'moyo wanga wa ntchito ndalamulidwa zambiri, ndipo kusankha kunkakhala kwa ena. Tsiku limenelo panalibe bwana woti andisankhire. Kuphika nsombayo kunali kupha munthu, zimenezo sizinafune kuganiza. Chotsala chinali chakuti mawu oipawo atuluke pakamwa pa ndani. Ndinaona kuti akatuluka pa mwana wawo, bambo ndi mwana adzadana chifukwa cha uchitsiru wanga. Akatuluka pa ine, adzadana ndi wa njinga, amene ankadana naye kale. Ndinalowa, ndinagwada patsogolo pawo penipeni, ndinadzutsa mutu n'kuwayang'ana kumaso. Ndinaona koyamba kuti anali ndi kachipsera pachikope.

"Adada," ndinatero, "nikamba na pakamwa panga, munikhululukile. Nsomba iyi siidyeka. Dzina lake ni pafa. Mukadya, pafa munthu."

"Nakalamba nikudya somba za mu Lundazi na za mu Luangwa," anatero. "Somba yosadyeka kulibe. Kuli chabe munthu woumila." Anatola chipewa n'kuimirira. Mayi anu anali pakhomo atagwira pakamwa. Podutsa pabokosi mkuluyo anaima, anapinda dzanja la malaya, napisa chala m'madzi kuloza Kapitawo. "Kanthu aka? Aka ndiye kangaphe Zimba?"

Kapitawo anali asanadye tsiku limenelo, ndipo chilichonse cholowa m'madzi kuchokera kumwamba kwa iye chinali nkhono. Anangoti dzwi pansonga ya chala. A Zimba, munthu wosataya mawu, anataya liwu limodzi lalikulu limene sindingalembe m'buku lowerenga adzukulu. Anasolola dzanja madzi n'kuthovokera pansi, ndipo nsomba ija pochita mantha inameza madzi n'kufufuma, n'kufufumabe, mpaka inasanduka kampira ka maso awiri kakuyandama chammbali. Mkuluyo anaiwala chala chimene chinkadontha magazi. Mayi anu anayamba kulira kuti atate awo afa, ine ndikuwatsimikizira kuti bwana anati poizoni ali m'mnofu, osati m'mano. Tinaima tonse atatu kuyang'ana mpirawo ukuphwa pang'onopang'ono mpaka unabwerera kukhala nsomba. Kenaka ndinamva phokoso lachilendo, ngati chitseko chadzimbiri. Anali a Zimba akuseka.

"Nayenda, naona," anatero akukhalanso pampando. "Koma ndiwo yoyamba kulawa mlendo, iyi ni yoyamba." Mayi anu anawamanga chala ndi kansalu. Mkuluyo anatembenukira kwa ine, osadzera mwa munthu. "Imadya chani?"

"Nkhono, adada."

"Nkhono za pa boma n'zoonda. Kudambo kwanga ziliko zabwino." Nkhope yawo inabwerera mwakale. "Manje mvelani. Chamene mwanionetsa mogwada ni changa, mwambo sitingauphwanye. Kudya siningadye, kunyamula siningathe. Izakhala m'khola mwanu, muziniwetela. Ndipo mwini chiweto amabwela kuona chiweto chake."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti nsombayo ili ndi mwini wake kale, koma mayi anu anandiponda chala chaphazi. Anabweretsa madzi m'beseni, anagwada, ndipo a Zimba anasamba m'manja m'nyumba mwanga, dzanja limodzi, linalo lili m'mwamba ndi kansalu kake. Ndiwo zinali nyemba. Anadya n'kupempha zina.

1996: Eni ake awiri

Kuyambira pamenepo ankabwera pafupipafupi, kachitini ka nkhono katamangidwa kumbuyo kwa njinga. Ankakhala pampando uja n'kumadzudzula ulimi wanga, kuti madzi achepa, kuti nsomba yawo yaonda, kuti ziwiri zinazo zikuidyera. Ankaponya okha nkhono, chala chili patali. Iwe Tiyezge unkakhala pamiyendo pawo. Mayi anu ananenepa chaka chimenecho.

Koma mapanga awiri avumbwitsa. A Chanda anabwerako kumaphunziro atakwezedwa udindo, ndipo anangodzera kudzatenga katundu wawo kuti abwerere ku Lusaka. Anapeza nsomba zitatu zamoyo, mimba zoyera, nakondwa kwambiri. Ine ndinadziwa kuti Kapitawo akakwera lole, njinga ya ku Kapichila sidzaimanso pakhomo panga. Ndinadziwanso kuti liwu limodzi la bwana likanatha kundivula yunifolomu. Ndinavula chipewa ndekha n'kuwauza kuti ziwiri anyamule, koma yaikuluyo ili ndi nkhani, ndipo nkhaniyo ndinawafotokozera yonse.

"Mwapatsa apongozi anu nsomba yanga?" anafunsa, nkhope itasintha.

"Sininapatse, bwana. Ninaonetsa chabe."

"Mogwada?"

"Mogwada."

"Na manja yawili?"

Ndinazindikira kuti funso limeneli limadziwika m'zigawo zonse za dziko lino. A Chanda anayenda uku ndi uku m'kachipinda kanga, nayang'ana zipsepse zong'ambika za tiwiri tija. "Olo kwathu apongozi sitisewela nao," anatero potsiriza. "Ine nikatenga chiweto cha mkulu wa ku Kapichila, nizafika ku Lusaka na matayala yangati? Ndiponso uyu Kapitawo avutitsa anzake, afunika khola lake." Anandisiyira bokosi lina laling'ono, kapampu ndi mchere wotsala, ndipo kwa zaka zingapo kathumba ka mchere kankafika pa minibasi ya ku Chipata kolembedwa dzina langa. Mwa mabwana onse amene ndawawiritsira tiyi, ameneyu ndimamukumbukira m'mapemphero.

1998: Kugawa

Agogo anu anadwala atangokolola mtedza, ndipo sanachedwe. Dzina langa anali asanalitchulebe. Ndinali nditakwezedwa kuchoka pa "wa njinga yula" kufika pa "mliska", ndiye kuti mbusa, ndipo ndinkati zimenezo zandikwanira. Titaika maliro, akuluakulu anakhala pabwalo kugawa za malemu. Ife akamwini tinali kumbuyo, pafupi ndi nkhuni, kumene ndi malo athu. Mng'ono wawo wa malemu ndiye ankalankhula. Ananena za ng'ombe, za ngolo, za munda wa kudambo, aliyense n'kumawomba m'manja. Kenaka anakanda m'mutu n'kunena kuti pali chiweto china chimene iye sanachionepo, koma akulu ake anachitchula okha ali pamphasa, ndipo mawu ake awanena monga anawamvera.

"Somba yane yikhale na mwana wane wa ku boma, Mbewe."

Anthu ena anaseka, poti nkhani ya chala inali itafika mudzi uliwonse. Ine ndinamva bwino kuti malemu anati "nsomba yanga ikhale ndi mwana wanga wa ku boma," koma ndinatembenuka kuyang'ana kumbuyo kuti ndione mwana ameneyo. Kumbuyo kunali nkhuni zokha. Mlamu wanga anandigunyuza ndi chigongono. "Akunena imwe. Wombani m'manja."

Ndinayesa kuwomba, manja anakana. Ndinalira pamaso pa mudzi wonse kuposa mmene ndinalirira kumanda, ndipo palibe anandiletsa.

Kapitawo anakhala nafe zaka zina zingapo, akuswa nkhono za kudambo kuja, zimene alamu anga anapitiriza kutumiza popanda wowauza. Choncho mukadzapita ku Kapichila, akakufunsani kuti ndinu ana a yani, musavutike ndi kufotokoza za ofesi. Nenani kuti ndinu a kwa mliska wa somba, mwana wa a Zimba. Adzakugwirirani nkhuku.